Chijasi cha a Jailosi

"Mukumupha ndinu mwanayu, Bambo a Yami! Si nyaope ayi, ndi pakamwa panupo!"

Mkazi wanga anakuwa mawu amenewa ataima pakhomo la chipinda chathu cha lendi ku Olieven, kuno ku Joni, dzuwa likupendeka, mpaka mayi eni nyumba anatsitsa wailesi yawo kuti amve bwino. Nanga ine ndinalakwa chiyani? Yamikani, mwana wathu wachisamba, amatuluka m'mawa mwake kumalo kumene a mpingo amasungirako anyamata ofuna kusiya nyaope, mankhwala ozunguza bongo amene amasuta kuno. Mayi ake atandifunsa ngati ndasangalala, ndinangoti, "Sabata satha ameneyo, muona."

"Pakamwa panga?" ndinabweza. "Ndi pakamwa panga pamene panagulitsa gilayinda yanga yodulira zitsulo? Ndi pakamwa panga pamene pananyamula mbaula yanu yamagetsi ikadali yotentha?"

"Mwamugwetsa kale asanafike n'komwe. Akangolowa pageti adzaziwerenga pankhope panupo, n'kubwerera komweko."

"Nkhope imasutitsa munthu nyaope?"

Ndinamenya theche ndowa yomwe inalibe mlandu uliwonse n'kupita kuseri kukakhala pa kireti. Ndine munthu wapafupi mtima, sindibisa. Ntchito yanga ndi yowotcherera mageti ndi mabagala, ndiye kuti ndimadya chifukwa anthu amagona akuyembekezera akuba, ndipo akubawo amabweradi. Zoti zinthu zimatsatira maganizo a munthu ndimaziona ngati nkhani za pafoni ndi za aneneri a m'matenti. Koma kutsidya kwa msewu wina ankatentha masamba ouma, utsi wake n'kumabwera mozemba pamwamba pa malata, ndipo utsi wa masamba ukandilowa m'mphuno ndimaona a Jailosi, munthu yekhayo amene nkhani imeneyi sanangoilankhula koma anaiyesa, poyamba pa thako langa, kenaka pa iwo eni.

Ndinabwera ku Joni ndili mwana, bambo atamwalira kwathu ku Balaka. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Menlo Park, ndipo adona analola kuti ndizikhala nawo m'kachipinda kakuseri bola ndisamaoneke kumaso kwa nyumba. Kachipindako kankanunkha parafini ndi sopo wochapira, ndipo m'mawa ndinkadzutsidwa ndi njiwa, ndi madzi othirira kapinga, ndi mabotolo a mkaka akugundana pageti. Kusukulu ku Mamelodi ankandiseka malankhulidwe, ankanditchula kwerekwere, dzina lonyozera alendo, ine n'kumayankha ndi zibakera. Palibe sabata imene ndinkabwerera malaya ali ndi mabatani onse.

Tsiku lina nditakhala kuseriko ndinamva mawu a munthu kutsidya kwa mpanda akutukwana. Ankatukwana makina otchetchera kapinga amene ankakana kulira, ndipo ankawatukwana m'Chichewa.

"Mbuzi iwe! Mafuta wamwa, ukufunanso chiyani, thobwa?"

Ndinakwera pa diramu n'kusuzumira. Anali madala aatali, oonda, miyendo ngati ya kakowa, atavala chipewa chopanda mtundu.

"Wawa agogo," ndinatero.

Anasiya chingwe cha makinawo n'kuyang'ana kumwamba kaye, kenaka m'mtengo, kenaka pa ine. "Walankhula ndiwe? Bwerezanso."

"Wawa."

Anavula chipewa. Ndinaona maso awo akuchita madzi, koma iwo anati ndi utsi wa petulo.

A Jailosi kwawo kunali ku Chikwawa. Anabwera ndi Wenela akadali mnyamata, anagwira kumigodi mpaka chifuwa chinayamba kuwalankhulira, kenaka anathawira m'magadeni a azungu n'kutchona. Ankasamala bwalo la nyumba yoyandikana ndi yathu. Madzulo akaweruka ankasesa masamba n'kuwaunjika pakona, n'kuwayatsa, n'kukhala pa chitini cha penti akupichira fodya m'kapepala ka nyuzi, utsi wa masamba ndi wa fodya n'kumasakanikira ndi fungo la dothi lothiriridwa kumene, kawailesi kawo kali pabondo, chala chikusuntha pang'onopang'ono kufunafuna mawu a kumudzi amene ankabwera n'kumathawanso ngati munthu wamanyazi. Kuseri kwa maluwa a adona awo anabisako bonongwe ndi therere, ndipo adonawo akafunsa ankati ndi maluwa a ku Malawi amene amachedwa kumasula.

Sanali munthu wokhulupirira zilizonse. Nyengo ya jakaranda, misewu yonse itasanduka yofiirira, ana a ku yunivesite ankayenda pang'onopang'ono pansi pa mitengo chifukwa amati duwa likakugwera pamutu ndiye kuti wakhoza mayeso. A Jailosi ankatsamira tsache lawo n'kumawaonera.

"Zikanakhala zoona, ine bwenzi ndili pulofesa," ankatero. "Amandigwera m'mutu, m'khosi, mpaka m'tiyi."

Mawu awo anali amodzi: tiyese. Ukawauza kuti manyowa a nkhuku aposa a ng'ombe, tiyese. Ukawauza kuti mvula ibwera, ankasiya fosholo panja, tiyese. Ndiye tsiku lina nditabwera ndi mlomo wotupa anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Kodi iwe ukamachoka pano m'mawa umakhala ukupita kusukulu kapena kunkhondo?"

"Amayamba ndi iwowo."

"Eya. Tamvera. Nthawi ya mapasi ija, pamene wakuda sankayenda wopanda chitupa, tsiku limene ndatuluka ndikuganiza za apolisi, ankandiimitsa ndisanafike pa sitolo ya Mgiriki. Tsiku limene ndatuluka ndikuganiza za nyama imene ndikukagula, ankandidutsa ngati mtengo. Chitupa chake chomwecho, chotha ntchito."

"Bodza limenelo, agogo."

"Tiyese."

Kunyumba kwa azungu awo kunali galu, chimutu ngati ndowa, dzina lake Vakita. Galu ameneyu ankadana ndi munthu wakuda aliyense kupatula a Jailosi, amene ankamutchula kuti Achimwene. Wa positi ankaponya makalata ali patali. Ine pokacheza ndinkathera pa diramu, sindinkayerekeza kutsika. Ndiye Lamulungu lina azungu a nyumba zonse ziwiri atachoka, amayi ali kutchalitchi, a Jailosi anamanga Vakita pa tcheni chachitali n'kugwira kumapeto kwake.

"Ulowe pa kageti kakang'ono. Uyende ngati ukupita kwa amalume ako. Mumtima uzinena kuti galu uyu ndi mnzanga, tinakulira limodzi. Usanene pakamwa pokha, uzikhulupiriredi."

Ndinavomera. Koma pozungulira mpanda ndinatola mwala wokwana m'dzanja n'kuuika m'thumba la kabudula. Ndinatsegula kageti. Kapinga anali wozizira kuphazi, njuchi zinkalira m'maluwa, ndipo ine ndinkayenda ndikung'ung'udza kuti mnzanga, mnzanga, tinakulira limodzi. Vakita anadzutsa mutu. Anaimika makutu. Zotsalazo sindinazione bwinobwino, ndinangomva tcheni chikuthamanga pa simenti, a Jailosi akukuwa kuti "Achimwene, ayi!", ine ndatembenuka kale, mano ali m'thako. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero, ndipo mkazi wanga kwa zaka zambiri ankadziwa kuti ndinagwera pa waya.

Anandinyamula n'kukandigoneka chafufumimba pa benchi, n'kumatsuka balalo ndi madzi a mchere, ine ndikutukwana galu, ndikutukwana Joni, ndikutukwana iwo amene. Pokoka kabudula wong'ambikayo, mwala uja unagwa pa simenti, kho!

Anautola n'kuutembenuza m'dzanja. "Ichi n'chiyani?"

"Mwala."

"Kwa amalume ako umapita ndi mwala?"

"Ndinangoti mwina..."

"Mwinayo ndi amene wakuluma." Anathiranso mchere, ndikuganiza mwadala. "Ine ndimakuona. Dzanja lili m'thumba, phewa lakwera, maso ali pakhosi pake. Pakamwa pokha ndi pamene pamati mnzanga. Galu samva Chichewa, mdzukulu. Amamva phewa."

Amayi atabwera zinavuta. Anaima pa diramu langa lomwe lija, chitenje chili m'chiuno, n'kuwauza a Jailosi kuti ndi nkhalamba yopanda nzeru, kuti ngati akufuna zoyesayesa akayese pa ana awo. A Jailosi anangogwira chipewa pamimba n'kumati, "Pepani mayi, pepani." Pa mawu oti ana awo paja ndinaona nkhope yawo ikugwa, koma nthawi imeneyo sindinadziwe chifukwa chake.

Bala litapola ndine amene ndinapempha kuti tiyesenso. Sindinkafuna kugonja kwa galu. Ulendo uno ananditulutsa matumba onse awiri kunja ngati makutu a mbuzi, n'kundiuza kuti manja azilendewera. Ndinalowa. Mantha analipo, sindinama, koma popeza ndinalibe chomenyera, mutu wanga unasiya kuwerengera pomenya, ndipo ndinayamba kumuona galuyo: anali ndi nkhupakupa kukhutu, diso limodzi linkatuluka misozi. Anabwera akulira cham'mimba. Anandinunkhiza mawondo, mphuno yake yozizira ngati chitsulo cha m'mawa, anayetsemula, n'kubwerera kukagona pamthunzi. Ndinafika pa chitini cha a Jailosi ndikuseka ngati wopenga.

"Waona?" anatero.

Ndinaona. Komanso ndinaona kuti milomo ya Vakita inkanyezimira mafuta, ndipo patapita zaka ndinayamba kuganiza kuti madala aja anamudyetsa kaye mpaka kukhuta. Sindinawafunse, ndipo tsopano palibe wofunsa.

Sipanapite nthawi, mayi ena a mvano odzaona amayi anasokoneza geti n'kulowa kwa Vakita. Analowa akuimba nyimbo ya m'buku, Baibulo lili m'manja, sankadziwa n'komwe kuti kuli galu. Anawaluma pa katumba mpaka anakasokedwa kuchipatala. Madzulo ake ndinalumpha mpanda ndili ndi mafunso anga okonzeka.

"Mayi aja anali ndi mwala uti?"

"Analibe."

"Ankayembekezera kulumidwa?"

"Ayi."

"Ndiye?"

Ananyambita kapepala ka fodya, anayatsa, anakoka. "Ndiye galu ndi galu. Ine sindinati ukasiya mwala sulumidwa. Ndinati usamuthandize kuluma."

Yankho limenelo silinandikwanire. Ndinkafuna chinthu chogwira ntchito nthawi zonse ngati switchi ya magetsi. Komabe kusukulu ndinayesa kulowa m'kalasi manja ali lende. Ena anasiya kundiputa, ena sanasiye, ndipo amenewo ndinawamenya ndithu.

A Jailosi anali ndi chijasi cha kumigodi, chachitali mpaka m'mawondo, cholemera ngati thumba la chimanga, chonunkha utsi wa zaka zonse zimene anakhala ku Joni. Chaka chilichonse ankanena kuti, "Khirisimasi ino ndikadyera kwathu." Amayi ankangoti, "Mulungu akalola, agogo." Ndipo chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka, mphepo ikayamba kuluma m'mawa, ankatulutsa chijasicho pansi pa bedi, kuchikutumula, n'kukhala padzuwa ndi singano yaikulu akuika zigamba m'zigongono. Ankakonda kundisimbira za kwawo, kuti kumatentha mpaka nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, kuti munthu amagona pa mkeka panja osafunda ngakhale chitenje, kuti mpweya wake umanunkha thonje ndi masawu.

Tsiku limenelo ndinawapeza akusoka, ulusi uli pakamwa, akunena zomwezo za Khirisimasi. Pakamwa panga sipanayambe lero.

"Ngati mukupita kwanu, chijasichi mukusokeranji? Si inu mumati kwanu kulibe chisanu?"

"Chisanu cha kuno chifika Khirisimasi isanafike."

"Chaka chatha munanenanso choncho. Simudzapita inu. Mwala wanu ndi umenewu."

Singano inaima. Sanakalipe, sanaseke. Anayang'ana chijasicho nthawi yaitali, kenaka anati, "Pita, mayi ako akukuitana." Amayi sankandiitana.

Nditawauza amayi zimene ndinanena, anandipatsa khofi limene linandiliza khutu mpaka madzulo, kenaka anandikhazika pansi. Anati a Jailosi anasiya mkazi ndi mwana wamkazi woyamwa. Zaka zoyamba ankatumiza mabulangete ndi nsalu, kenaka manyazi a kuchedwa anakula kuposa njira, anasiya kutumiza, anasiya kufunsa. Sankadziwa ngati awiriwo ali moyo. Sankadziwa ngati kwawoko anawalira kale maliro. "Munthu wotere sumugwira pabala," anatero amayi. "Ukuyesa sakudziwa?"

Kwa masiku angapo utsi sunakwere kutsidya kwa mpanda. Kenaka m'mawa wina ndinamva akundiitana. Nditakwera pa diramu ndinaona chijasi chija chitayalidwa m'kanyumba ka Vakita, galuyo atadzipinda pamwamba pake, atachibowola kale ndi mano mkono umodzi.

"Agogo, mwatani?"

"Tiyese," anatero.

Chisanu chinabwera molawirira chaka chimenecho. Kapinga ankadzuka atayera, madzi ankagwira m'mipope, mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Ndinkawaona a Jailosi akusesa atavala malaya awiri ndi ovolosi, mapewa ali m'makutu, chifuwa chikulira ngati macheka. Amayi anawapititsira juzi la malemu bambo, analibweza. Adona awo anawapatsa jekete lakale la abwana, analipereka kwa mlonda wa pa sitolo.

"Mufa, agogo," anatero amayi.

"Ndikavala ndikhala, mayi," anayankha. "Ndikudzidziwa ine."

Anagulitsa njinga. Anakazula bonongwe yense n'kutipatsa. Kawailesi anandisiyira ine, ati kumene akupita mawu ake sachita kusaka. Ananyamuka mwezi wa chisanu usanafike pakati, atakwera lole ya munthu wa kwathu amene ankanyamula katundu wa anthu, sutikesi imodzi yomanga ndi lamba ili pamiyendo. Potsazika anapita kaye kwa Vakita n'kumugwira m'mutu. "Tsalani Achimwene, musamale jasilo." Ine sanandiuze mawu aakulu alionse. Anangondipisa m'matumba onse awiri, anapeza mulibe kanthu, n'kugwedeza mutu.

Uthenga unabwera patapita zaka, mvula itayamba, kudzera mwa bambo wina wa kumpingo wochokera dera lomwelo. A Jailosi anapeza mkazi wawo atamwalira kalekale. Mwana wawo, mayi wa ana akuluakulu tsopano, anakana kutuluka m'nyumba. Anati bambo ake anafa iye ali kumsana, uyu ndi mlendo. A Jailosi anakhala pansi pa mtengo wa nimu pabwalo, sutikesi ili pambali, kuyambira m'mawa dzuwa la ku Chikwawa likuwawotcha, anthu akubwera kudzaona mtchona ngati akuona nyama. Dzuwa litapendeka m'pamene kamtsikana kanatuluka ndi chikho cha madzi n'kugwada. Sanawalandire ndi nthungululu, ndipo akuti mpaka mapeto mwanayo sanawatchule kuti bambo, ankati madala. Koma anawamangira kanyumba kuseri. Anakhala madzinja angapo akulima therere losabisa, ndipo anaikidwa pafupi ndi mayi awo owabereka.

Mpaka lero ndikafunsidwa chimene chinawapititsa kwawo, maganizo kapena chisanu, ndimati chisanu. Koma chisanu chinalipo zaka zonse zija.

Ndinakhala pa kireti paja mpaka utsi wa kutsidya unazilala. Mkazi wanga ankatsuka mbale mokalipa, iliyonse ikulira payokha. Ndinkafuna kulowa n'kumuuza kuti akundinamizira. Si ine ndinapenta kashedi kosungiramo zipangizo zanga kuti mwanayo azigonamo? Si ine ndinagula bulangete latsopano? Si ine ndinaima pamaso pa abusa n'kunena kuti ndamukhululukira? Zonsezo ndinachita. Koma panali chinthu chimodzi chimene iye sankadziwa. Sabata yomweyo ndinali nditanyamula makina anga owotcherera, gilayinda yatsopano ndi bokosi la masipanala, n'kukazisungitsa kwa a Mwale, mnzanga wa kumpingo wokhala kumunsi kwa msewu. Mkazi wanga ndinamuuza kuti makina ali kokonzetsa. Yamikani wakulira m'kashedi kameneko, amadziwa msomali uliwonse ndi chimene chimapachikidwapo. Akanangotsegula chitseko n'kuona khoma lopenta bwino, misomali ili yokhayokha, sakanafunikira kundiyang'ana pankhope.

Makina amenewo ndiwo lendi, ndiwo ufa, ndiwo yunifolomu ya mlongo wake. Akapita, palibe a mpingo amene adzandigulire ena. Ndipo nyaope ndi nyaope, sifunsa kuti bambo ako anakulandira bwanji.

Kutacha ndinabwereka wilibala kwa mayi eni nyumba n'kutsetsereka kwa a Mwale. Ndinawapeza akutsuka m'kamwa pa mpope.

"Achimwene, mamawa ano? Mwapeza ntchito?"

"Ndabwera kudzatenga katundu wanga."

"Si lero akutuluka mfana uja?"

"Lero."

Analavula madzi n'kundiyang'ana. "Eish. Mwaganiza bwino? Zisiyeni kuno mwezi umodzi, muone kaye mayendedwe ake."

"Ndikazisiya mwezi umodzi ndizisiya chaka."

"Nanga akagulitsa?"

"Akagulitsa mudzamva phokoso muli konkuno. Tsegulani, a Mwale, ndisanasinthe maganizo."

Wilibalayo inali ndi tayala lolira, ndiye msewu wonse unadziwa kuti ndikudutsa. Amayi ogulitsa magwinya, mandasi a kuno, pakona anasiya kutembenuza mafuta, anyamata a pa shopu anandiperekeza ndi maso, ena mwa iwo omwe ankasuta ndi Yamikani. Ndinakankha chokwera, thukuta lili kamukamu, ndikutukwana tayala, ndikutukwana a Jailosi m'manda mwawo. Nditafika ndinaika makina pamalo pake, kumutu kwa bedi la mwanayo. Gilayinda ndinaipachika pa msomali wake, masipanala pa misomali yawo, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Loko wa chitseko ndinamuchotsa n'kumuponya m'bokosi la zitsulo zakutha.

Potembenuka ndinapeza mkazi wanga ataima kumbuyo kwanga, kapu ya tiyi ili m'manja. Anayang'ana makina, anayang'ana wilibala, anayang'ana ine. Ndinadikira kuti afunse za kokonzetsa kuja, yankho laukali lili kale pa lilime. Sanafunse.

"Imwani kaye tiyi," anatero. "Buledi alipo."

"Sungani. Ndidzamwa naye."

Ndinasamba m'manja pa mpope, ndinasintha malaya, n'kupita kukakwera takisi kuti ndikamutenge Yamikani.